Kamzere Kakuda M'nyonga

Mwezi wa Okutobala ukafika ndimakhoma shedi yanga ku Glen View,
ndimasasa utuchi m'makutu ndi m'matumba a jekete,
n'kukwera makombi awiri mpaka ku Parirenyatwa
kukaonetsa mwendo umene mbali ina si wanga.

Dokotala Munyoro amapachika chithunzi pagalasi lowala.
Ndine uyo, wosendedwa khungu:
fupa lotuwa ngati phulusa,
chitsulo choyera mbee chitaima m'kati mwake,
ndi simenti imene anathira pakati pawo
zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ine ndili mtulo.

Amatulutsa karula kaafupi kuposa pensulo yanga ya kukhutu.
Amayeza chithunzi cha lero, n'kuyeza cha chaka chatha,
kenako cha chaka choyamba, chimene chayamba kufiira m'mbali.
"Sekuru," amatero, "ndikufuna kamzere kakuda,
kowonda ngati tsitsi, pamene fupa likutsanzikana ndi simenti.
Chitsulo chimene chinatitimira msanga chimakonda kugwedera mochedwa.
Chanu chinatsika pang'ono, kenako chinaima."

Pang'ono bwanji?
Amandisonyeza pachikhadabo chake.

Mwanangu, ntchito imeneyi ndikuidziwa.
Zaka makumi anayi anthu akundibweretsera mipando.
Mwini wake amalumbira kuti unathyoka dzulo lomweli,
mlendo wonenepa atakhalapo,
koma ine ndikautembenuza ndimapeza guluu anauma kalekale,
ndi kafumbi kosalala m'bowo la mwendo,
chizindikiro choti thabwa lakhala likudzipera lokha
mwakachetechete, banja likudyerapo, likukanganirapo.

Iye amaseka, akuti ngakhale m'thupi muli fumbi lotero,
tinyenyeswa ta pulasitiki tosaoneka ndi maso,
ndipo thupi, pofuna kusesa nyumba yake,
limasesa ndi fupa lomwe.

Ndiye amalemba manambala:
zaka zanga, kulemera kwanga, shuga wa m'magazi,
fodya amene ndinasiya, matabwa a mlombwa amene sindinasiye kunyamula.
Kompyuta imameza zonsezo n'kulavula yankho:
mwa amuna zana ofanana nane,
ochuluka adzafika patali chitsulo chili nganganga,
ochepa adzabwerera pampeni.
Ndili mbali iti?
Pamenepo dokotala amavula magalasi.
Akuti makinawo amadziwa gulu, sadziwa Kalinde.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi,
anawoloka Zambezi ndi nyonga zimene anabadwa nazo,
palibe anawayeza ndi rula.
Zinawapereka ku Mbare, pa masitepe a hositelo, opanda chenjezo.
Ine ndapatsidwa chenjezo lopanda tsiku,
ndipo sindidziwa amene anali ndi mwayi pakati pa awirife.

Akuti ndizimvetsera.
Ululu wa m'ntchafu podzuka pampando,
umene umatha ukaponya mapazi khumi,
mwendo wofupika mwadzidzidzi, nsapato yodyeka mbali imodzi.
Choncho usiku, magetsi akathima monga mwa masiku onse,
ndimagona chagada n'kumvetsera.
Nachisale amayesa ndikupemphera.
Nthawi zina ndimamva kuti tswa,
mtima n'kulumpha,
koma ndi bedi, limene ndinakhoma ndekha chaka chimene tinakwatirana.

Lero kamzere sikanaoneke.
Ndatuluka ndi envelopu yaikulu kukhwapa,
ndaponda maluwa a jakaranda, oterera ngati sopo,
mosamala, phazi limodzi, kenako linzake.
Kombi inagwa m'maenje onse a Willowvale
ndipo ndinawerenga lililonse ndi nyonga.

Madzulo kunabwera mtsikana kudzatenga mpando wa mayi ake.
Anaugwedeza, anaukhalira, anafunsa:
"Ukhala nthawi yaitali bwanji?"
Kale ndinkayankha kuti mpaka adzukulu ako.
Ndinautembenuza, ndinayendetsa chala pamfundo zonse zinayi,
ndinalemba tsiku la lero kunsi kwake ndi pensulo,
n'kumuuza kuti aubweretse Okutobala wamawa
tidzauone.